Magalasi oonera nyama patali: dzina kapena manambala?

Alendo opita kukaona nyama ku Parque Nacional de Mágoè, malo amene boma linakhazikitsa mu 2013 kum'mwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, kawirikawiri amakoleka m'khosi magalasi oonera patali, aja amati binóculos pa Chipwitikizi. Chida chomwechi n'chofunikanso kwa alonda a nyama ndi kwa achinyamata ofuna ntchito yoperekeza alendo kutchire. Mlonda akazindikira msanga kuti chakudacho m'mitengomo ndi njovu osati chulu, eni minda amachenjezedwa chimanga chisanathe.

Makampani otchuka kwambiri pa magalasiwa ndi atatu: Zeiss ndi Leica a ku Germany, ndi Swarovski ya ku Austria. Leica ili ndi fakitale inanso ku Famalicão, ku Portugal, kuyambira mu 1973. Magalasi awo apamwamba ndi Zeiss Victory SF, Leica Noctivid ndi Swarovski NL Pure. Alionse mtengo wake umaposa madola 2,000 a ku America, ndalama zogula ng'ombe zingapo.

Onse atatu salowa madzi ndipo kulemera kwake sikufika kilogalamu imodzi. Amasiyana pa kutambalala kwa malo amene amaonetsa. Pa magalasi olembedwa 8x42, munthu akayang'ana pa mtunda wa mamita 1,000, NL Pure imaonetsa malo otambalala mamita 159, Victory SF mamita 148, pamene Noctivid ndi mamita 135. Malo akatambalala, nkosavuta kutsata mbalame youluka kapena kuwerenga njati zili pagulu.

Koma wogula asathamangire dzina, ayambe wamvetsa manambala. Pa 8x42, nambala 8 ikutanthauza kuti nyama imene ili pa mamita 80 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Nambala 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo galasi limeneli ndilo limatunga kuwala.

Ambiri amaganiza kuti 10x42 ndiyo yabwino chifukwa imasendeza nyama pafupi kwambiri. Imaterodi, koma imaonetsa malo ochepa, ndipo manja akanjenjemera pang'ono chithunzi chimavina. Palinso masamu ena: 42 kugawa ndi 8 yankho lake limapitirira 5, pamene 42 kugawa ndi 10 limangopitirira 4. Yankho likakula, kuwala kofika m'diso kukamachita chisisira kumachulukanso. Poti njovu zimakonda kutulukira kuminda dzuwa likalowa, 8x42 ndiyo imamuthandiza kwambiri mlonda.

Masana dzuwa lili paliwombo, magalasi odulawa sasiyana kwenikweni ndi abwino a mtengo wapakati. Ndalamazo zimaonekera m'bandakucha ndi madzulo. Choncho wogula aliyense, kaya ndi munthu payekha kapena komiti ya m'mudzi yosamala zachilengedwe, awayese madzulo asanalipire. Akaona mtengo umodzi ukuoneka ngati iwiri, kapena maso akayamba kuwawa, magalasiwo ngoonongeka, awasiye.

Kusamala nakonso nkofunika. Kupukuta galasi lafumbi ndi malaya kumalikanda, choncho fumbilo liyambe lauziridwa kenaka galasi lipukutidwe ndi kansalu kofewa. Ana aletsedwe kuyang'anira dzuwa m'magalasiwa, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo ndipo mwana angathe kuchita khungu.