Kalavani igone panja, batire ligone m'nyumba

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za mbewu ndi feteleza, tikambirane za zitsulo zimene zimatithandiza pa ulimi. Ambiri a ife amene tikukhala m'malokeshoni a mu Lilongwe monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 tili ndi minda kunja kwa mzinda, ena ku Mitundu, ena ku Nathenje, ena ku Mpingu kapena ku Nsaru. Munda uli kutali, koma zipangizo za kumunda zimagona kuno ku tauni: kalavani yokoka ndi galimoto imene timatutira chimanga ndi manyowa, kalole kakale, kathirakitala, ndiponso mpope ndi mabatire a sola amene ena akuthirira nawo m'madimba. Ntchito yotuta ikatha, kalavani imaimikidwa kuseri kwa nyumba miyezi itatu kapena inayi osasuntha. Mwini wake amasiya kuiona, koma odutsa m'njira amaionabe tsiku ndi tsiku.

Mfundo yanga ndi imodzi. Wakuba amawerengera nthawi ndi phokoso. Ntchito ya mphindi ziwiri yopanda phokoso amaigwira mosaopa. Ntchito ya theka la ola yofuna hamala ndi sowo amaisiya, n'kupita kwina. Palibe loko amene sangathyoledwe. Chimene tingathe n'kumutalikitsira ntchito yake.

Tiyambe ndi batire, popeza ndilo limayamba kusowa. Lili ndi zonse zimene wakuba amafuna. Kulimasula kumangofuna sipanala imodzi, kawirikawiri nambala 10 kapena 13. Batire la galimoto yaing'ono limalemera makilogalamu 15 mpaka 20, loti munthu mmodzi angalowetse m'thumba n'kulikweza panjinga. Lalikulu la lole, monga N150, limalemera pafupifupi makilogalamu 40, komabe anyamata awiri amalinyamula. Ndipo msika wake sukutha. Likakhala lamoyo, alipo ambiri olifuna kuti aziyatsira magetsi, wailesi ndi TV, kapena kutchajira mafoni. Kufunika kwake kunakula kwambiri mu 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Likakhala lakufa, ligulidwabe ndi ogula zitsulo zakale, chifukwa kulemera kwake koposa theka ndi mtovu. Onjezanipo kuti mabatire atsopano timaitanitsa kunja, ndipo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mlimi amene waberedwa batire lero amagulitsa matumba angapo a chimanga kuti apeze lina.

Chotero ngati lole, thirakitala kapena mpope uima masiku oposa awiri kapena atatu, chotsani batire mulowetse m'nyumba. Ndikudziwa kuti ena ati n'chintchito. N'zoona, koma n'chintchito cha mphindi zisanu, ndipo njira zina zonse zimene nditchule pano sizikuposa imeneyi.

Pochotsa pali dongosolo lake. Zimitsani injini, chotsani kiyi. Yambani kumasula chingwe cha ku mutu wolembedwa chizindikiro chochotsera (-), kenako cha ku mutu wa chizindikiro chophatikiza (+). Chifukwa chake n'chakuti thupi lonse la galimoto ndi lolumikizidwa ku mutu wa (-). Mukayambira ku (+), sipanala ikangokhudza chitsulo cha galimoto pamathetheka moto woti ungakuotcheni dzanja kapena kuphulitsa batire. Pobwezera muyambire ku (+), mumalizire ku (-). A malole a mabatire awiri a 24 volts, jambulani kaye ndi foni mmene zingwe zakhalira musanamasule, kuti musadzasokoneze pobwezera.

M'nyumbamo batire lisagone m'chipinda chogona anthu, ndiponso lisayandikire mbaula, kandulo kapena koloboyi. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka msanga. Madzi ake ndi asidi, amadya nsalu, khungu ndi maso, tsono ana asalifikire. Chipinda chosungira katundu chokhala ndi loko ndi zenera lopita mphepo ndicho choyenera. Akuluakulu amatiuza kuti batire likakhala pa simenti limatha moto. Zimenezo zinali zoona kalekale mabokosi ake asanayambe kupangidwa ndi pulasitiki. A masiku ano simenti siiwachita kanthu. Ine ndimaikabe thabwa pansi, koma n'cholinga choti asidi akadontha asadye simenti ya eni nyumba.

Batire longokhala limatha moto pang'onopang'ono palokha, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Lodzaza bwino limaonetsa 12.6 volts pa kamita koyezera. Likatsika kufika pa 12.4, litchajeni. Mukalisiya lopanda moto miyezi ingapo, mbale zake za m'kati zimagwira chikungu choyera cholimba ndipo sililandiranso moto bwino. Kamodzi pamwezi n'kokwanira. Ngati ndi la zotsekera zotsegula, onani madzi, ndipo akachepa thirani madzi a batire ogula m'botolo, osati a pampopi kapena a pachitsime. Palibe phindu kulanditsa batire kwa akuba n'kudzaliphera m'nyumba.

Alipo ena amene sangathe kuchotsa batire usiku uliwonse, monga a malole amene amadzukira ku msika wa Mgona kapena ku okushoni ya fodya ku Kanengo m'bandakucha. Pa lole zambiri batire limakhala panja, pambali pa tchesisi, longogwiridwa ndi kachitsulo ndi manati awiri. Amenewa apite kwa owotcherera zitsulo, amene ali ambiri ku Biwi Triangle ndi mu Kawale momwemuno, akawapangire khola la batire. Pano pakufunika kumuyang'anira mmisiri, chifukwa makola ambiri amene ndimaona m'misewu ndi okongola chabe. Chitsulo chikhale cha ngodya chokhuthala, osati lata. Mahinjesi akhale m'kati, kapena awotchereredwe moti msomali wake sungakhomedwe n'kutuluka. Mabawuti ogwirira khola ku tchesisi awotchereredwe mitu. Chachikulu koposa, loko abisike m'kabokosi kachitsulo kotsegula pansi pokha, kongokwana dzanja ndi kiyi. Loko woonekera amadulidwa pa khosi pake ndi chodulira zitsulo m'kanthawi kochepa, ngakhale akhale wodula chotani. Kholalo likhale ndi mipata yopita mphepo, ndipo chivundikiro chake chisakhudze mitu ya batire. Musaiwale kuuza mmisiri achotse batire asanayambe kuwotcherera.

Ena amaika switchi yobisika yodula moto wa batire. Imeneyi ndi yabwino poletsa kuti galimoto isalizidwe, koma batire lenilenilo siiliteteza.

Tsopano kalavani. Kuipa kwake n'kwakuti ilibe injini, ilibe kiyi, ndipo imayenda mwakachetechete. Yaing'ono ya matayala awiri, amuna atatu amaikankha ndi manja mpaka pa msewu pamene galimoto ikudikira. Poimika, musasiye mkono wake wokokera utaloza ku geti ngati mukuitana munthu. Ulozetseni ku khoma kapena pakona ya mpanda, ndipo ngati muli ndi galimoto muziimika kutsogolo kwake kuti itseke njira. Pakamwa pokolekera ikanipo loko, kapena chotsani chikhomo chake mukasunge m'nyumba. Koma musadalire zimenezi zokha, popeza wakuba atha kumangirira mkonowo ndi tcheni ku galimoto yake osagwiritsa ntchito pokolekera n'komwe.

Njira yodalirika ndi kuimanga pansi. Kumbani dzenje lakuya theka la mita, mupinde chitsulo chokhuthala cha zomangira nyumba ngati chigwinjiri, miyendo yake yopindikira kunja, muchikwirire ndi konkire n'kusiya sabata yathunthu kuti iume. Mtengo waukulu ukhozanso kugwira ntchitoyi. Tcheni chidutse pa tchesisi kapena pa ekiselo, osati pa tayala lokha, chifukwa tayala limamasulidwa n'kutsala pomwepo kalavani itapita. Tcheni chikhale cholimbitsidwa, osati cha galu. Ndipo chimangeni mokoka, moti loko ndi tcheni zikhale m'malere osagona pansi. Chifukwa chake n'chakuti wodula amatsamiritsa mkono umodzi wa chodulira pansi n'kuupondereza ndi thupi lonse, ndipo woswa loko ndi hamala amafuna pansi polimba pomenyera. Zikalendewera, mphamvu yake imachepa.

Ngati kalavani iima nyengo yonse, ikwezeni ndi jeke, muikhazike pa zipika zolimba, muchotse matayala pamodzi ndi manati ake mulowetse m'nyumba. Apa mwapindula pawiri, chifukwa matayala nawo amabedwa paokha, ndiponso amang'aluka akakhala padzuwa miyezi yambiri atalemedwa mbali imodzi. Wofuna kuba kalavani yotere ayenera kubwera ndi matayala a mabowo ofanana ndi anu, manati ndi jeke. Ambiri sangavutike choncho. Zipikazo zikhale zokhazikika bwino. Ana a m'lokeshoni amakonda kusewera kunsi kwa zinthu zoimikidwa.

Pali chinthu china chimene alimi ambiri amachinyozera, ndicho chizindikiro. Apolisi akagwira munthu ndi mabatire asanu, funso loyamba kwa wodandaula limakhala lakuti, lanu ndi liti, ndipo tidziwa bwanji? Mabatire a kampani imodzi amafanana ngati mazira. Lembani dzina lanu kapena nambala ya galimoto ndi penti ya mafuta m'mbali zonse za batire, zilembo zazikulu zonyansa ndithu, chifukwa batire lonyansa limavuta kugulitsa. Mukandenso chizindikiro chaching'ono pamalo obisika, koma mosazamitsa, ndipo musayese kulemba ndi msomali wamoto. Sungani lisiti ndi khadi la galanti, ndipo nambala zolembedwa pa batire muzikopere m'kope lanu la za kumunda. Pa kalavani, mmisiri awotcherere zilembo za dzina lanu pa mkono wokokera ndi pena kunsi kwa tchesisi. Penti imafutidwa m'tsiku limodzi, koma zowotcherera zimafuna makina aphokoso ndipo zimasiya chipsera. Kalavani yoyenda pa msewu iyenera kulembetsedwa ku Road Traffic n'kukhala ndi nambala yake, ndipo mapepala amenewo ndiwo umboni wanu woyamba. Zambiri zopangidwa m'malokeshoni zilibe pepala lililonse, moti zikabedwa n'kupakidwa penti ina, mwini wake amangolumbira pakamwa.

A inshuwalansi nawo muwafunse bwino. Inshuwalansi yokakamizidwa ndi lamulo, ya third party, imalipira anthu ena amene mwawapweteka pa ngozi. Ya katundu wanu wobedwa mulibemo. Ngakhale pa ya comprehensive, funsani ngati kalavani ndi batire zalembedwamo. Tilinso ndi timakina ta GPS tolowetsa simu khadi timene timaonetsa pa foni kumene kalavani yapita. N'tothandiza kwa amene angakwanitse, malinga akumbukira kutitchaja ndi kuikamo mayunitsi.

Usiku woopsa kwambiri ndi wa mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ikamagunda pa malata simungamve sowo ngakhale ikulira pansi pa zenera lanu, ndipo agalu amakhala atabisala. Ndi nyengo yomweyonso imene ambiri a ife timagona ku munda masiku angapo tikupalira ndi kuthira feteleza. Musanachoke uzani anansi anu kuti simunatume munthu aliyense kudzatenga kalavani. Akuba ena amabwera masana, atavala ovolosi, n'kunena kuti bwana atituma tikaikonze, anansi n'kuwathandiza kukankha. Gwirizanani ndi a chitetezo cha m'dera amene amayendera usiku, ndipo chopereka chawo cha pamwezi muzipereka osadikira kukumbutsidwa. Amene muli ndi mlonda, mulipireni pa nthawi yake. Munthu wa njala amene mwam'patsa tochi kuti alondere katundu wa mamiliyoni mwamuika pa mayesero aakulu.

Ndamvapo ena akulangizana zolumikiza waya wa magetsi a m'nyumba ku kalavani kapena ku mpanda. Chonde musayese. Woyamba kugwira waya ameneyo kawirikawiri sakhala wakuba, amakhala mwana wotola mpira, ndipo mlandu wake ndi wa kupha munthu. Chimodzimodzi mukagwira wakuba, mutengereni ku polisi ya Kawale kapena ina imene ili pafupi nanu. Kumenya kapena kuotcha munthu n'kuswa lamulo, ndiponso wakufa sangakulozereni amene amam'gula katundu.

Wogulayo ndiye gwero la vutoli, ndipo nthawi zambiri ndi mlimi mnzathu. Munthu akakubweretserani batire labwino madzulo pa theka la mtengo, lopanda lisiti, mitu yake ili ndi zidutswa za zingwe zodulidwa, simufunika kuombeza kuti mudziwe kumene lachokera. Gawo 328 la malamulo a milandu ya upandu, Penal Code, limaletsa kulandira kapena kusunga katundu wobedwa ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wobedwa, ndipo anthu amapita nalo ku ndende. Pogula batire logwirapo kale ntchito, lemberanani kalata ya malonda yokhala ndi dzina ndi nambala ya chiphaso cha wogulitsa, pakhalenso mboni. Akakana kulemba, m'bwezereni katundu wake. Batire lanu likafa, funsani ogulitsa mabatire atsopano ngati amalandira lakale, popeza ena amachotserako mtengo. Musalole ana kuliswa kuti atenge mtovu. Fumbi ndi utsi wake zimaononga ubongo wa mwana, ndipo asidi wake akatayikira m'dimba amaononga nthaka.

Mukaberedwa, kanenani ku polisi m'mawa womwewo, mutatenga lisiti, nambala zija ndi zithunzi, ndipo mupemphe kalata ya lipoti, imene a inshuwalansi adzaifuna. Zingwe zodulidwa ndi loko wothyoledwa musazitaye, apolisi adzafuna kuziona. Mukatero dziwitsani amakaniko, otchaja mabatire ndi owotcherera zitsulo a m'dera lanu, muwauze chizindikiro chimene chili pa katunduyo. Batire lobedwa limafuna kutchajidwa ndipo kalavani yobedwa imafuna kusinthidwa maonekedwe, tsono nthawi zambiri zimadzera m'manja mwa anthu amenewa m'masiku oyambirira.