Msewu wa Dempster: Kumene Ulendo Umamvera Nyengo

Kumpoto kwa dziko la Canada kuli msewu wopanda phula wotchedwa Dempster, womwe umayambira kufupi ndi tawuni ya Dawson City m'chigawo cha Yukon n'kukafika ku Inuvik, mtunda wa makilomita pafupifupi 740. Unatsegulidwa mu 1979, ndipo unapatsidwa dzina la William Dempster, wapolisi amene mu 1911 anatsogolera gulu lomwe linakapeza mitembo ya apolisi anzake anayi amene anasokera m'chipululu chimenechi nthawi ya chisanu.

Pansi pa nthaka ya kumeneko pamakhala poundana chaka chonse, chinthu chimene akatswiri amachitcha permafrost, motero msewuwu anauyala pamwamba pa mulu wa miyala wochindikala kuposa mita imodzi kuti kutentha kusasungunule pansipo n'kuutitimiritsa. Miyalayo m'malo ena ndi yakuthwa moti imang'amba matayala, n'chifukwa chake oyenda ozindikira amanyamula matayala apadera awiri, pakuti kuchokera poyambira msewu mpaka ku Eagle Plains, kumene kuli mafuta ndi makaniko, pali makilomita pafupifupi 370, ndipo foni siigwira pafupifupi njira yonseyo.

Chovuta chenicheni, komabe, ndi nyengo. Okonza msewu amathira mchere wotchedwa calcium chloride kuti fumbi lisabuke, koma mvula ikangogwa dothi losakanikirana ndi mcherewo limasanduka matope oterera ngati therere, omwe amamata pamagalasi ndi panyali mpaka woyendetsa kulephera kuona bwino, ndipo galimoto imayamba kutsetserekera kumphepete, kumene msewu watalikirana ndi nthaka. M'mapiri a Ogilvie ndi Richardson chipale chofewa chimatha kugwa ngakhale m'miyezi yotentha, pomwe mphepo ya m'mapiri a Richardson imafika pogubuduza malole, moti nthawi zina akuluakulu amatseka msewu mpaka kutacha bwino. Mitsinje ya Peel ndi Mackenzie ilibe milatho: m'chilimwe galimoto zimaoloka pa pantoni, m'nyengo yachisanu zimayenda pamwamba pa madzi oundana, ndipo pakati pa nyengo ziwirizi pamapita masabata angapo popanda kuoloka.

Wogona m'tenti, kaya pamalo okonzedwa a ku Tombstone, m'mbali mwa msewuwu, kaya kwina, ayenera kukhomerera zikhomo zonse ngakhale kunja kuli bata, popeza mphepo imadzuka mosachenjeza. Chakudya, miphika ngakhale mankhwala otsukira mano sizigona m'tenti, chifukwa zimbalangondo zimanunkhiza patali; zinthuzi zimatsekeredwa m'galimoto kapena m'mabokosi achitsulo, ndipo kuphika kumachitikira potalikirana ndi pogona. Udzudzu wa m'chilimwe ndi wochuluka zedi, ngakhale kuti sufalitsa malungo. Palinso msampha wina umene alendo ambiri sauganizira: kupitirira mzere wa Arctic Circle, womwe msewuwu umadutsa, dzuwa sililowa pakati pa chilimwe, choncho munthu amangoyendetsabe galimoto osazindikira kuti watopa.

Pa zonse zimene woyenda amanyamula, chofunika kwambiri ndi masiku apadera pa ndondomeko ya ulendo, limodzi ndi chakudya ndi madzi okwanira masikuwo, chifukwa amene ali ndi tsiku loti afike zivute zitani ndiye amalimbana ndi matope, pamene kudikira tsiku limodzi kukanalola msewu kuuma. Aliyense wofuna kuyenda msewu wa Dempster afunse kaye za mmene msewu ndi mapantoni zilili asananyamuke, ndipo mvula ikalimba aime.