Muimba, mtovu ndi gule wa Ayurok

Kugwira muimba wa ku California si ntchito ya munthu mmodzi. Wina amauvindikira ndi ukonde, wina amaukumbatira kuti mapiko asatambasuke, wina amagwira mutu, pakuti mlomo umene umang'amba chikopa cha ng'ombe sungachitire chisoni chala cha munthu. Wachinayi amafufuza mtsempha pamwendo n'kupopa magazi pang'ono ndi jakisoni. Dontho limodzi amaliika m'kamakina konyamula m'manja, ndipo pakapita mphindi zochepa kamaonetsa nambala. Nambalayo ndiyo imagamula ngati mbalameyo ibwerere kumwamba tsiku lomwelo kapena ikwere galimoto kupita kwa madokotala a zinyama. Chimene akuyeza ndi mtovu.

Ntchito imeneyi imachitika kawirikawiri kawiri pachaka m'nkhalango za kumpoto kwa California, kufupi ndi kumene mtsinje wa Klamath umathira m'nyanja ya Pacific. Oigwira ndi akatswiri a zamoyo zakutchire olembedwa ntchito ndi fuko la Ayurok, amodzi mwa eni nthaka a ku America. Mafuko oterewa amene boma la dzikolo limawazindikira alipo oposa 570, ndipo lililonse lili ndi ulamuliro wakewake pamalo ake. Ayurok ali ndi khonsolo yawo, khoti lawo ndi nthambi yawo yoona za nyama zakutchire. Katswiri wogwira ntchito kumeneko, kaya ndi mwana wa fukolo kaya ndi wobwera, bwana wake ndi khonsoloyo.

Mbalameyi Azungu amaitcha condor, Ayurok amati prey-go-neesh. Ikatambasula mapiko imafika pafupifupi mamita 3, ndipo palibe mbalame ya kumtunda ku North America yoiposa pamenepo. Sipha kanthu, imadya zakufa zokhazokha. Imaberekana mwapang'onopang'ono zedi: imayamba kuikira ili ndi zaka pafupifupi 6, dzira limodzi lokha, ndipo nthawi zambiri kamodzi pa zaka ziwiri. Nkhuku ikafa lero, mawa khola ladzazanso anapiye. Muimba ukafa, dzenje lake limatenga zaka kuti likwiririke. Pofika 1982 padziko lonse panatsala miimba 22 yokha ya mtunduwu. Mu 1987 anagwira womaliza umene unali kutchire, yonse 27 n'kuiika m'manja mwa anthu kuti aiswetse. Anayamba kuibwezera kutchire mu 1992, ndipo lero ilipo yoposa 500, yambiri mwa iyo ikuuluka yokha ku California, Arizona, Utah ndi Mexico.

M'dziko la Ayurok inali itasowa kwa zaka zoposa 100. Amene anadandaula nazo koyamba sanali asayansi. Mu 2003 gulu la akuluakulu a fukolo linakhala pansi kukambirana zimene ziyenera kubwezeretsedwa m'dziko lawo, ndipo pa zamoyo zapamtunda anaika muimba patsogolo. Chifukwa chake chinali gule. Ayurok ali ndi magule opatulika amene amavina masiku angapo pofuna kukonzanso dziko, ndipo nthenga za prey-go-neesh zimakhala pazovala zovinira, nyimbo zake zimaimbidwa pamenepo. Anthu ankavinira mbalame imene ngakhale agogo awo sanaionepo ndi maso.

Apa m'pamene ntchito ya katswiri wa pamalo a eni nthaka imasiyana ndi ya mnzake wa m'boma. Funso silinachokere mu labotale, linachokera kwa akuluakulu, sayansi n'kumatsata pambuyo. Amene anasenza katunduyo ndi mayi Tiana Williams-Claussen, Myurok amene atamaliza maphunziro ku yunivesite ya Harvard anabwerera kwawo, ndipo lero ndi mkulu wa nthambi ya nyama zakutchire ya fukolo. Kuyambira 2008 iwo ndi anzawo, kuphatikizapo katswiri wa miimba Chris West, anayamba ndi funso losasangalatsa koma lofunika: tikaibweretsa, kodi siidzangofa?

Poyankha funsolo analibe muimba ngakhale umodzi woti auyeze. Choncho anagwira mbalame zina zodya zakufa zimene zinalipo kale, makwangwala ndi miimba ing'onoing'ono yotchedwa turkey vulture, n'kumaziyeza magazi. Anayezanso mafuta a nyama za m'nyanja zimene zimafera pagombe, pofufuza zotsalira za DDT, mankhwala ophera tizilombo amene amapepuza chikamba cha dzira mpaka kholo kuliphwanya polifungatira. Za DDT zinaoneka zochepa poyerekeza ndi kummwera kwa California. Mtovu unapezeka, ndipo m'makwangwala unkakwera nyengo ya uzimba ikafika.

Njira ya mtovu kuchokera m'mfuti kukafika m'magazi a mbalame ndi yaifupi. Chipolopolo cha mtovu chikalowa m'nyama sichikhala chathunthu. Chimanyenyeka kukhala tizidutswa mazanamazana, tina tosaoneka ndi maso, tofalikira kutali ndi bala. Mlenje akatumbula gwape amanyamula nyama, matumbo n'kuwasiya patchire. Miimba imadya pagulu, motero mulu umodzi wa matumbo ungathe kudwalitsa mbalame zingapo tsiku limodzi. Ndiponso asidi wa m'mimba mwa muimba ndi waukali kwambiri, woyenera kugaya nyama yowola, ndipo ukali womwewo umasungunula mtovu kuti ulowe m'magazi. Ukalowa umaononga minyewa. Matumbo amasiya kukankha chakudya, chithokomiro chimadzaza n'kungoti tuu, ndipo mbalame imafa ndi njala chakudya chili pakhosi. Mwa miimba yakutchire imene choipha chadziwika, pafupifupi theka inafa ndi mtovu. Ikapezeka msanga amaibaya jakisoni wa mankhwala omanga mtovuwo kuti utuluke m'thupi, koma chithandizocho chimatenga masiku ndipo chimaifooketsa, n'kuthekanso kuti mwezi wamawa ikadya wina.

Nkhaniyi ndi ya anthunso. Tizidutswa tomweto timatsalira m'nyama imene mlenje amapita nayo kunyumba, makamaka yogayidwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene unganenedwe kuti ndi wabwino, ndipo ana ndiwo amapwetekeka koposa chifukwa umasokoneza kakulidwe ka ubongo. Anthu a ku Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likadali m'mabwalo osewerera ana, sangafune kuuzidwa zimenezi. Kwa Ayurok, amene ambiri amadalira nyama ya uzimba ndi nsomba pa ndiwo zawo, muimba wodwala uli ngati chizindikiro cha zimene zili m'mbale.

Mankhwala enieni ndi osavuta kuwatchula: chipolopolo cha mkuwa, chimene sichinyenyeka chotero. Boma la California linaletsa kusaka ndi zipolopolo za mtovu m'chigawo chonse kuyambira pa 1 Julaye 2019. Koma lamulo silipita kutchire ndi mlenje. Alenje ena amati zamkuwa n'zodula, ena amati sizipezeka pa mfuti zawo, ndipo ena amangoona ngati anthu a m'tauni akufuna kuwalanda uzimba. N'chifukwa chake akatswiri a Ayurok anathera zaka zambiri m'misonkhano ya alenje ndi m'malo ophunzirira kuwombera, kuonetsa anthu mmene chipolopolo cha mtovu chimamwazikira poyerekeza ndi chamkuwa. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pagona luso lenileni la ntchitoyi, kuposa pa ukonde ndi jakisoni. Munthu amene ukumuuza kuti asinthe zipolopolo akhoza kukhala malume ako, ndipo mawa mukumana pamaliro. Ukamuyankhula ngati wapolisi, wataya zonse.

Ndalama nazo n'zosautsa. Kuyambira 1937 ku America kuli msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo, pansi pa lamulo lotchedwa Pittman-Robertson, umene umagawidwa kwa maboma a zigawo kuti asamalire nyama zakutchire. Mafuko a eni nthaka salandira gawo mwachindunji, ngakhale alenje awo amalipira msonkhowo akamagula. Katswiri wa fuko amakhalira kulemba makalata opempha thandizo la chaka chimodzi kapena ziwiri, pa ntchito ya mbalame imene ingakhale moyo zaka zoposa 50.

Pa 3 Meyi 2022, patatha zaka 14 chiyambire ntchitoyi, chitseko cha khola chinatsegulidwa mu Redwood National Park, ndipo miimba iwiri yaimuna, A3 ndi A2, inatuluka. Ayurok anaipatsa maina a chinenero chawo. Woyamba kutuluka anautcha Poy'-we-son, kutanthauza wotsogola. Kuchokera pamenepo ntchito yakhala ya tsiku ndi tsiku ndipo si yokongola. Mbalame iliyonse ili ndi nambala ndi kawailesi paphiko, ndipo pamafunika munthu wodziwa kumene iliyonse yagona. Usiku, kuti mbalame zisazolowere kuona munthu ngati mwini chakudya, amakhwekhwereza mitembo ya ana a ng'ombe ofa pobadwa n'kukaiika pamalo odyera. Ana a miimba amakhala kaye m'khola limodzi ndi muimba wamkulu wowaphunzitsa mwambo, ndipo m'makola olerera mumaikidwa mtengo wonga wa magetsi umene umagwedeza pang'ono ukateredwa, kuti akadzatuluka asadzatere pa weniweni. Mu 2023 chimfine cha mbalame chinapha miimba 21 ya ku Arizona ndi Utah, ndiye katemera naye anaonjezeka pa ntchito.

Kwathu kuno miimba sitiivinira, ndipo ambiri timaiona ngati mbalame yauve. Komabe amene amapita ku Liwonde akudziwa kuti inayambanso kuoneka nyama zolusa zitabwezeretsedwa m'nkhalangomo kuyambira 2017, pakuti zinayamba kuisiyira zotsala. Ku Botswana mu 2019 miimba yoposa 500 inafera pa mitembo ya njovu yothiridwa poizoni. Kudya pagulu kumene kumaithandiza kuyeretsa tchire msanga ndi komwenso kumaiphetsa yambiri nthawi imodzi.

Ayurok nawo anaona kuopsa kwa mtovu kumayambiriro kwa 2025. Muimba wina waung'ono, B7, unapezeka utafa patangopita miyezi itatu chiutulutsireni m'khola. Atauyeza anapeza mtovu wochuluka m'chiwindi ndi m'mafupa, ndipo m'nthutumba mwake munali kachipolopolo kamodzi ka mfuti ya mpweya, ija anyamata amawombera mbalame ndi agologolo.