Kodi Mumadziwa? Aserbia Amene Anamanga nawo Lusaka

Kodi mumadziwa kuti mukakwera minibasi ku Emmasdale n'kutsika ndi Great North Road mpaka mu Cairo Road, chinyumba chimene chaima kumapeto kwa msewuwo ndi luso la anthu a ku Yugoslavia? Findeco House ili ndi nsanjika 23, ndipo mapulani ake anajambulidwa ndi Dušan Milenković ndi Branimir Ganović. Masiku amene ankaimanga, Serbia inali chigawo cha Yugoslavia, likulu lake Belgrade.

Nanga za holo ya Mulungushi? Mu Seputembala 1970 Lusaka inalandira msonkhano wachitatu wa mayiko osalowerera mbali ya America kapena ya Soviet Union, koma holo yoti n'kukhalamo atsogoleri onsewo panalibe. Kampani ya Energoprojekt ya ku Belgrade inaimanga m'miyezi pafupifupi inayi yokha. Kampani yomweyi inagwiranso ntchito pa damu la Kafue Gorge, kumene kumachokera ena mwa magetsi amene timayatsa. Zonsezi zinatheka chifukwa cha ubwenzi wa Kenneth Kaunda ndi Josip Broz Tito, mtsogoleri wa Yugoslavia. Tito atamwalira mu 1980, Kaunda mwiniwake anapita kumaliro ku Belgrade, ndipo ku Rhodes Park kuli msewu wa Tito Road mpaka lero. Zimandiwawa kuti ana athu amadutsa m'malo amenewa popanda wowauza amene anasenza simenti yake limodzi ndi makolo awo.

Amene anabwera kunowa anali amwayi, chifukwa anachoka kwawo atanyamula zida za ntchito. Anzawo ambiri anachoka akulira. Mu 1690 mkulu wa mpingo wawo, Arsenije III Čarnojević, anatsogolera mabanja zikwizikwi kuthawa ulamuliro wa Aturuki, kuwoloka mtsinje wa Danube kulowa m'dziko la mafumu a Habsburg. Mu Ogasiti 1995, nkhondo itafika pachimake ku Croatia, Aserbia oposa 150,000 anasiya nyumba zawo m'masiku ochepa chabe, ambiri atakwera mathirakitala.

Ena inawachotsa ndi njala ya ntchito. Nikola Tesla, katswiri wa zamagetsi, anafika ku New York mu 1884. Mafakitale a zitsulo a ku Chicago anakoka anyamata ambirimbiri. Mu 1968 Yugoslavia inasainirana pangano ndi West Germany lotumiza anthu kukagwira ntchito kumeneko, ndipo ndalama zimene ankatumiza zinamanga nyumba kumidzi, monga zimachitira za abale athu a ku Joni. Ku Johannesburg komweko Aserbia ali ndi tchalitchi chawo cha Orthodox ku Sunninghill.

Okonda mpira mukumukumbukira Micho? Dzina lake lonse ndi Milutin Sredojević, Mserbia amene anaphunzitsa Chipolopolo kuyambira 2020 mpaka 2021. Asanabwere kuno anali atafikitsa Uganda ku mpikisano wa AFCON wa 2017, koyamba chichokereni 1978.