Waya wautali sukoka FM

Ambili a ife tinakula ndi wailesi ya shortwave, pamene waya wautali womangilila kumtengo wa mango unali kukoka mau a ku Lusaka bwinobwino. Cizolowezi cimeneco ndico citisoceletsa lelo. Munthu agula waya mamita khumi, koma Misa ya pa Radio Maria ikafika paulaliki, wailesi ingoti fwaaa. Ena uthenga wa malilo kapena wa feteleza uwapita motelo.

Radio Maria ndi Breeze FM, imene inayamba mu 2002 kuno ku Chipata, ziulutsa pakati pa 88 ndi 108 MHz. Mafunde a pamenepa ndi aafupi, cakumamita atatu, conco eliyo yake ifunikanso yaifupi: mawaya awili a masentimita 75 iliyonse, wina uku wina uku, pakati mulumikize nthambo ya TV yopita kuwailesi. Nambala ikamakwela, waya ufupika. Amene muli ndi scanner yomvelela ndege za ku Mfuwe, pa 118 mpaka 137 MHz, dulani masentimita 60 ndipo muimike coimilila.

Koma cacikulu ndi pamene mwaiika. Mafunde awa ayenda molunjika, ndipo mapili amene azungulila Chipata amawachinga. Malata a nyumba nawonso acita cimodzimodzi. Pezani nsungwi yaitali yopitilila denga, mumangilile eliyo pamwamba, ndipo mwana aitembenuze pang'onopang'ono inu mukumvetsela mkati.

Mvula ikayamba mu Novembala, kukamacita ziphaliwali, zulani nthamboyo kuwailesi ndi kuiponya panja.