Fumbi la ku Joni Likali M'chifuŵa

Kuno kwa Chowe, ndiponso m'midzi yonse ya mumsewu wokwera ku Namwera, n'kovuta kupeza banja lopanda gogo amene anapitako ku Joni pa Wenela kapena pa Teba. Poyamba pa zaka za m'ma 1970, Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha anyamata athu 74 amene anali kubwerera kwao, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Ulendo unayambanso mu 1977, nutheratu mu 1988.

Ngozi ya ndege ija inamveka dziko lonse. Koma ilipo ngozi ina imene yapha ambiri koposa, mwakachetechete, munthu ali pamphasa kwao. Pobowola thanthwe la golide pamatuluka fumbi losalala kuposa ufa woyera. Fumbilo likaloŵa m'mapapo silitulukanso. Limasiya zipsera, mapapo nauma. Madokotala amati silicosis. Mankhwala ochiza palibe, ndipo wodwalayo sachedwa kugwidwa ndi chifuŵa chachikulu. Choipitsitsa n'chakuti matendaŵa akhoza kubisala zaka 10 kapena 20. Bambo anabwera ali wojintcha, ndi njinga ndi wailesi, koma patapita zaka ayamba befu pokwera kachitunda, khasu limlaka. Pamenepo achibale aloza chala mai wa m'nyumba kuti wamdula mwamuna, kapena nkhalamba ya pafupi kuti yamlodza. Maukwati apasuka chifukwa cha mlandu umene mwini wake ali kutali.

Anthu a m'migodi anasumira makampani, ndipo mu July 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza pangano la chipepeso cha R5 biliyoni. Makampani ake ndi African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Ndalamazo zinaikidwa m'manja mwa bungwe la Tshiamiso Trust. Oyenera kupempha ndi amene anagwira ntchito ya m'fumbi m'migodi ina ya golide ya makampaniŵa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, nadwala silicosis kapena chifuŵa chachikulu chochokera kuntchito. Ngati mwini wake anamwalira, mkazi wamasiye ndi ana akhoza kupempha. Migodi ya malasha mulibemo.

Tsono apa ndi pamene pagona vuto lathu. Bungwelo silimva zakuti mudzi wonse udziŵa kuti agogo anali ku Joni. Lifuna umboni: nambala ya kumgodi, khadi la Teba, zikalata za kuchipatala, ndi kalata ya imfa ngati munthu anatisiya. Ife mapepala timasunga kudenga kumene chiswe ndi mvula zimagaŵana, ndipo ena timakulungira fodya. Inu ana asukulu odziŵa kuŵerenga, tsegulani sutikesi ya agogo, mukopere nambala iliyonse m'kope. Agogo amene atsokomola kosaleka muwaperekeze kuchipatala akajambulidwe pachifuŵa, ndipo buku lao la kuchipatala lisataike.

Chenjeraninso ndi anthu oyenda m'midzi kusonkhetsa ndalama kuti akulembetseni. Kupereka pempho ku Tshiamiso Trust n'kwaulere.