Mawu Oona Amene Amanamiza

Kuno kwa Kanduku, nkhoswe ikafunsa kuti, "Kodi mnyamata akufunsira mwana wathuyu ndi wotani?" mkulu wina n'kuyankha kuti, "Aa, amatchena bwino," palibe amafunsanso. Tonse tamva kuti pa khalidwe lake palibe chabwino chonena. Mkuluyo wayankha zimene sanafunsidwe, koma watero poyera, n'cholinga choti timve.

Katswiri wa ku Britain, Paul Grice, analemba mu 1975 kuti anthu akamacheza amadalirana pa malamulo osalembedwa: kunena zoona, zokwanira, zogwirizana ndi nkhani, ndiponso momveka. Maulama a usul al-fiqh anali atazama kale pa nkhaniyi posiyanitsa mantuq, zimene mawu atchula, ndi mafhum, zimene womva amatolapo. Surah Al-Isra, ndime 23, ikuletsa ngakhale kamawu kosonyeza kunyansidwa ndi makolo. Palibe wophunzira angati kuwamenya n'kololedwa poti sikunatchulidwe.

Vuto lili kwa wophwanya malamulowa mwakachetechete. Wogula afunsa ngati mbuzi ili bwino, wogulitsa ati, "Imadya kwambiri," akudziwa kuti ikudwala. Mawu onsewo ndi oona, koma wogula wapita ndi bodza m'mutu.

Kulankhula mawu a matanthauzo awiri, iwe ukufuna lakutali pamene womva watenga lapafupi, kumatchedwa tawriya. Sikuti nthawi zonse ndi tchimo. Imam Bukhari anasimba kuti pa ulendo wa Hijra mu 622, Abu Bakr ankafunsidwa za munthu amene anali naye, ndipo ankayankha kuti ndi womulondolera njira. Ofunsawo ankaganiza za njira ya m'chipululu, iye akutanthauza njira ya chilungamo. Apo moyo wa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, unali pachiswe.

Imam al-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anaika malire m'buku lake la Al-Adhkar: tawriya ndi yololedwa pakakhala chifukwa chovomerezeka m'Shariah, ndi makruh popanda chifukwa, ndipo ndi haraam ikakhala njira yodyera za eni kapena yokanira ufulu wa wina. Pamaso pa kadhi ndiye palibiretu pothawira, chifukwa lumbiro limatsata cholinga cha wolumbiritsa, osati cha wolumbira.

Wogulitsa mbuzi uja tikumuika m'gawo lachitatu, ngakhale atalumbira kuti sananame. Wogulayo akazindikira matendawo, fiqh imam'patsa ufulu wobweza mbuziyo n'kulandira ndalama zake.